Matumba a unga alembedwa 25 kg koma sikelo ikukana: ndi makina chabe kapena akutibera?

MayiWaGolosale_Chawama

Muli bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa odziwa masamu a statistics. Pa shopu timaoda unga kwa wogaya wina, matumba a 25 kg. Ena timagulitsa athunthu, ena timagawa m'mapamela a kilo imodzi, ndipo pamela womaliza nthawi zambiri sadzaza. Tapima matumba 16 a unga wa breakfast pa sikelo ya pansi ya digito yomwe imawerenga pa 0.1 kg. Atuluka motere:

24.4, 24.5, 24.6, 24.7, 24.7, 24.8, 24.8, 24.8, 24.9, 24.9, 24.9, 25.0, 25.0, 25.1, 25.2, 25.3

Wogayayo akuti makina odzazira sangathire ndendende, ena amapitirira ena amaperewera, koma "pa avareji ndi 25". Ndipo n'zoona kuti asanu afika 25 kapena kupitirira. Kodi manambalawa akukwanira kumutsutsa?

Funso lachiwiri ndi la mbewu ya chimanga imene timagulitsa nthawi ya dzinja. Pa paketi alemba kuti imamera 90%. Tinayesa njere 20 m'thaulo lonyowa, zamera 16. Tibweze katunduyo?

AphunzitsiAMasamu

Amayi, wogayayo wakupatsani pogwira. Akanati "unga wathu ndi wabwino" sitikanakhala ndi choyesa, koma wanena nambala, ndipo nambala imayesedwa.

Poyambira ndi kulemba mawu awiri. Oyamba ndi ake, amene m'masamu timawatcha null hypothesis: avareji ya matumba onse amene amadzaza ndi 25 kg. Achiwiri ndi anu, alternative hypothesis: avareji ili pansi pa 25. Timayamba ndi kumukhulupirira iyeyo, kenaka n'kufunsa kuti, ngati akunena zoona, matumba 16 otengedwa mosasankha angatuluke opepuka chonchi kangati?

Matumba anu onse pamodzi ndi 397.6 kg. Kugawa ndi 16 tikupeza 24.85, kutanthauza kuti thumba lililonse laperewera ndi 0.15 kg pa avareji. Chotsatira ndi kuona mmene manambala amwazikira, standard deviation. Pa thumba lililonse chotsani 24.85, yankholo lichulukitseni ndi lokha, kenaka phatikizani mayankho onse 16. Mupeza 0.88. Gawani ndi 15, mupeza 0.0587, ndipo square root yake ndi 0.242 kg. Ambiri amagawa ndi 16 apa. Chifukwa cha 15 n'chakuti avareji imene tikuchotsayo taitenga m'matumba omwewa, motero kumwazikana kumaoneka kochepa kusiyana ndi mmene kulili kuchigayo, ndipo kuchotsako imodzi kumakonza zimenezo. Mu Excel gwiritsani ntchito STDEV.S. Inzake ija STDEV.P imagawa ndi 16 ndipo ndi ya amene wapima matumba onse a m'fakitale.

Avareji ya matumba 16 sigwedezeka kwambiri ngati mmene thumba limodzi limagwedezekera, chifukwa olemera ndi opepuka amakwirirana. Kugwedezeka kwa avareji, standard error, ndi 0.242 kugawa ndi square root ya 16, yomwe ndi 4. Tikupeza 0.0606. Tsopano t ndi kuperewera kuja kugawa ndi nambala imeneyi: −0.15 ÷ 0.0606 = −2.48.

Pa tebulo ya t, mzere wa degrees of freedom 15 (matumba 16 kuchotsa 1), mbali imodzi (tikungoyang'ana kuperewera), pa 5%, malire ndi 1.753. Yathu, osawerengera chizindikiro cha −, yadumpha malirewo. Mukafuna p-value lembani =T.DIST(-2.48,15,1) ndipo mupeza pafupifupi 0.013.

Apa mpamene anthu amapunthwa. Nambala 0.013 ikunena kuti, makina atakhala kuti amathiradi 25 kg pa avareji, sampulo ya matumba 16 ingatuluke yopepuka chonchi kapena kuposa apa maulendo pafupifupi 13 pa 1,000 aliwonse. Basi. Sikunena kuti pali mwayi wa 98.7% woti wogayayo ndi wakuba, ndipo sikunena chimene chachititsa. Ikungoti kufotokoza kwake kwakuti "ndi mmene makina amachitira" kukuvuta kugwirizana ndi matumba amene mwapima.

Tagwiritsa ntchito t m'malo mwa z, njira ina yofanana nayo, chifukwa standard deviation yeniyeni ya makinawo sitikuidziwa, taingoyerekeza ndi matumba ochepa. Malire a z akanakhala 1.645, ofupikirapo, ndipo pa sampulo yaying'ono amatsutsa munthu msanga. Amene anazindikira vutoli ndi William Gosset, wogwira ntchito ku fakitale ya mowa ya Guinness ku Dublin, amene anasindikiza njirayi mu 1908 pogwiritsa ntchito dzina loti Student. Nayenso ankalimbana ndi masampulo ochepa a zinthu zamalonda.

Pokambirana ndi wogaya, chothandiza kuposa p ndi confidence interval, mpata umene avareji yeniyeni ikuyembekezeka kukhalamo. Ya 95% ndi 24.85 kuonjeza ndi kuchotsa 2.131 × 0.0606, ndiye kuti kuyambira 24.72 kufika 24.98 kg. Pa matumba 200, unga wosowawo ungakhale 4 kg yokha kapena kufika 56 kg, ndipo pakati pake ndi 30 kg, thumba limodzi ndi kanthu. Taonani kutalika kwa mpatawo. Kuti unga ukuperewera zikuoneka, koma kuchuluka kwake matumba 16 sangakuuzeni bwino.

WokonzaMasikelo_Kamwala

Masamu a aphunzitsi ndi olondola, koma onse akhazikika pa chinthu chimodzi chimene sichinayesedwe: sikelo yanu, amayi. T-test, njira ya t imene agwiritsa ntchitoyi, imaona kumwazikana kwa manambala, siiona sikelo yonama. Sikeloyo ikakhala kuti imawerenga 0.1 kg pansi nthawi zonse, kuperewera kwenikweni ndi 0.05 kg, t imakhala −0.83, ndipo mlandu wonse wagwa. Choipa n'chakuti mukapima matumba ambiri pa sikelo yonamayo, p imankira kutsika, inu n'kumalimba mtima pa chinthu chabodza.

Kuwerenga pa 0.1 kg kokhako kusakudetseni nkhawa. Kuzunguliza manambala kotere kumaonjeza kumwazikana kwa 0.03 kg basi, kochepa poyerekeza ndi 0.24. Chofunika ndi izi. Sikelo ikhale pa simenti yosalala, osati pa thabwa kapena pa katoni, miyendo yonse inayi igunde pansi, ndipo kadontho ka mpweya kakhale pakati pa kagalasi ngati ili nako. Batire yofooka imasokoneza kuwerenga, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kuno masikelo ambiri amagwira ntchito batire ili pafupi kutha. Iyatseni ikhale kaye kanthawi, ionetse 0.0 musanaike thumba lililonse. Kenaka tengani thumba limodzi, liikeni pakati, lichotseni, liikeni pa ngodya iliyonse. Manambala akasiyana kuposa 0.1, load cell, kachipangizo komva kulemera, yatopa kapena pansi pa mbale pali chimene chikugunda, kawirikawiri unga wouma kapena kamwala.

Zimenezi zikungoonetsa ngati sikelo imabwereza nambala imodzimodzi. Kuti mudziwe ngati nambalayo ndi yoona mufunika mwala woyezera wotsimikizidwa, wa 20 kg kapena ingapo yokwana 25, chifukwa sikelo itha kulondola pa 2 kg n'kumaphonya pa 25. Chigubu cha madzi cha malita 20 musachidalire. Lita imodzi ya madzi ndi pafupifupi 0.998 kg, koma zigubuzo zimalowa kuposa 20 ndipo palibe mzere wodalirika. Sikelo yogulitsira malonda iyenera kukhala ndi chizindikiro chosatha ntchito cha Zambia Metrology Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Metrology Act la 2017. Popanda chizindikirocho, wogayayo angokufunsani kuti sikelo yanu inapimidwa liti, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pali zina ziwiri. Nambala ya pa thumba ndi ya unga wokha. Ngati munapima ndi saka lomwe, pimani masaka khumi opanda kanthu pa sikelo yaying'ono, gawani ndi khumi, n'kuchotsa pa thumba lililonse. Izi zikukomera inu, chifukwa kuperewera kukula. Chinacho chikukomera wogaya: chinyezi. Unga umauma uli m'thumba, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala m'shopu ya malata. Tiyerekeze kuti thumba linachoka kuchigayo lili ndi 25 kg ndi chinyezi cha 13%. Unga wopanda madzi ndi 21.75 kg. Chinyezi chikatsika kufika 12.5%, thumbalo lilemera 21.75 ÷ 0.875, ndiye 24.86 kg. Pafupifupi kuperewera kwanu konse kwafotokozeka ndi theka la peresenti. N'chifukwa chake a Food Reserve Agency (FRA) amayamba ayeza chinyezi asanagule chimanga, ndipo n'chifukwa chake matumba muyenera kuwapima tsiku limene atsika m'galimoto, dalaivala akuona, osati atakhala milungu itatu m'sitolo.

Kuumako sikufotokoza thumba la 24.4 lija. Muyezo wa mayiko ambiri wa katundu wolongedza, OIML R 87, suyang'ana avareji yokha. Pa thumba la 25 kg umalola kuperewera kwa 1%, kutanthauza 250 g. Matumba otsika kuposa 24.75 sayenera kupitirira 2.5% ya katundu yense, ndipo lotsika kuposa 24.5 siliyenera kupezeka ngakhale limodzi. Inu muli ndi asanu pansi pa 24.75, ndi limodzi pansi pa 24.5. Ngati sikelo yanu ndi yoona, pamenepo mpamene mlandu uli wolimba kuposa pa avareji. Makina amene amamwaza chonchi ayenera kuikidwa pamwamba pa 25 kuti opepukawo asagwe m'munsi mwa malire.

MayiWaGolosale_Chawama

Zikomo kwambiri abambo nonse. Sikelo ili ndi chizindikiro cha chaka chino, ndipo tinapima ndi masaka omwe. Matumbawo tinatenga a pamwamba pa mulu, onse a ulendo umodzi. Zimenezo zili ndi kanthu?

WaQC_Chinika

Zili ndi kanthu kwambiri, amayi. Fomula ija yogawa ndi square root ya 16 imaganiza kuti thumba lililonse likubweretsa uthenga wakewake. Matumba oyandikana pa mulu nthawi zambiri anadzazidwa motsatizana, pa mpopi umodzi wa makina, ndi munthu mmodzi, m'mphindi zochepa. Ngati pa ola limenelo sikelo ya mpopiwo inali itasuntha, onse 16 anena chinthu chimodzi, ndipo zili ngati mwafunsa mboni 16 za m'nyumba imodzi zimene zagona zikukambirana nkhaniyo. Standard error yeniyeni ndi yaikulu kuposa 0.0606, p yeniyeni ndi yaikulu kuposa 0.013. Zimene mwapezazi zikukamba za mbali imodzi ya ulendo umodzi wa katundu. Za chigayo chonse sizinakambe.

Kukonza kwake sikufuna ndalama. Katundu akafika, werengani matumba onse mmene akutsikira, 1 mpaka womaliza. Galimoto isanafike mukhale mutasankhiratu manambala ndi =RANDBETWEEN(1,200) kapena ndi timapepala ta m'chipewa, ndipo thumba la nambala imeneyo likamatsika lipatuleni. Maso asasankhe. Munthu wokayikira amatambasulira dzanja ku thumba looneka lofota, ndipo wogulitsa amakupatsani lonenepa. Tengani matumba 8 kapena 10 pa ulendo uliwonse kwa maulendo anayi kapena asanu, ndipo pa lililonse lembani tsiku lofika, tsiku logayidwa ndi nambala ya batch. Mukaona kuti ulendo umodzi wokha ndiwo ukutsika, vuto ndi la tsiku limenelo. Akatsika onse, ndi mmene makina anaikidwira. Breakfast ndi roller musawaphatikize.

Chiwerengero cha matumba chisankhidwe musanayambe. Pali njira ziwiri zolakwira. Yoyamba ndi kutsutsa wogaya wosalakwa, Type I error, ndipo 5% ija ndiyo mlingo wake. Yachiwiri ndi kumasula wogaya amene akupereweradi, Type II error, ndipo imachitika kwambiri sampulo ikachepa. Kuti mukhale ndi mwayi wa 80% wogwira kuperewera kwa 0.1 kg pamene standard deviation ili 0.24, phatikizani 1.645 ndi 0.842, chulukitsani ndi 0.24, gawani ndi 0.1, yankholo lichulukitseni ndi lokha. Mupeza pafupifupi 36, ndiye pimani 40. Kuti mugwire 0.05 kg mufunika kanayi kuchuluka kwake, matumba oposa 140, ndipo pamenepo dzifunseni ngati magalamu 50 ali oyenera msana wa anyamata anu.

Chimene sichiloledwa ndi kupima pang'ono, kuwerengera p, kuona kuti ili 0.09, kuonjeza matumba asanu, kuwerengeranso, mpaka itatsika pansi pa 0.05 n'kusiya. Mukatero ngakhale chigayo cholungama mudzachipeza ndi mlandu tsiku lina. N'chimodzimodzi ndi kuyesa zinthu zambiri nthawi imodzi. Mukayesa shuga, mpunga, mchere, mafuta ndi zina mpaka 20, chilichonse pa 5%, zonse zili zolungama, mwayi woti chimodzi chioneke cholakwa ndi 64%. Njira yosavuta yotetezera ndi ya Bonferroni: gawani 0.05 ndi 20, malire akhale 0.0025.

Wina afunsa ngati kuyesa mbali imodzi kunali koyenera. Kunali koyenera chifukwa kukayikira kunabwera musanapime, kuchokera ku mapamela. Mukanayamba mwaona manambala kenaka n'kusankha mbali, kukanakhala kubera. Ngakhale tiyese mbali zonse ziwiri, p ikukhala pafupifupi 0.026. Ndayesanso kuchotsa thumba la 24.4 kuti ndione ngati ndilo likukoka zonse: avareji ikukhala 24.88, t ikukhala −2.13 pa malire a 1.761, ndiye silili lokha. Koma mu lipoti lanu lisachotsedwe, ndipo la 25.3 lisachotsedwenso.

Dziwaninso kuti oyendera a boma sagwiritsa ntchito 5%. Muyezo umene abambo a masikelo atchula unapangidwa kuti katundu wodzazidwa bwino asakanidwe kuposa 0.5% ya nthawi poyesa avareji. Pa matumba 16 malire ake akanakhala 2.947, ndipo −2.48 yanu sikanafika. Ku Zambia Metrology Agency kapena ku CCPC, bungwe loteteza ogula, pitani ndi tebulo lanu ngati chifukwa chowaitanira, koma iwo adzatenga sampulo yawo ndi miyala yawo.

Za mapamela, yang'aninso sikelo yaying'ono. Wodzaza akamapitiriza ndi magalamu 10 okha pa aliyense, pofika wa 25 pasowa 240 g, kuposa 150 g imene tikulimbirana ndi wogayayi.

MlangiziWaMbewu_Chilanga

La mbewu lasiyidwa, ndiliyankhe. Apa sitikuyeza kulemera, tikuwerenga zomera ndi zosamera, choncho t-test si yake. Chofunika ndi binomial, masamu a zinthu za mayankho awiri okha, monga kumera kapena kusamera.

Njere 16 pa 20 ndi 80%, ndipo m'maso zikuoneka zoipa. Koma mbewu itakhala kuti imameradi 90%, kupeza 16 kapena kucheperapo pa njere 20 kumachitika maulendo 13 pa 100 aliwonse. Lembani =BINOM.DIST(16,20,0.9,1) mupeza 0.133. Ndi nambala imeneyo simungabweze katundu. Simunganenenso kuti mbewu yatsimikizika kuti ndi yabwino. Njere 20 zachepa, sizinayankhe kalikonse, ndipo njere imodzi yokha ikusuntha zotsatira ndi 5%.

Tiyerekeze kuti mwayesa 100 ndipo zamera 84. Njira ya m'mabuku ndi z: kusiyana kwa 0.06 (90% kuchotsa 84%) kugawa ndi standard error ya 0.03, kupeza −2.0, p ya 0.023. Binomial yeniyeni ikupereka 0.040. Zonse zili pansi pa 0.05, koma taonani kuti njira yachidule ija yakokomeza umboni pafupifupi kawiri. Zimatero peresenti ikakhala pafupi ndi 100 kapena ndi 0, njere n'kukhala zochepa. Popeza kompyuta ilipo, ingowerengerani binomial.

Malabu oyeza mbewu, potsatira malamulo a ISTA, bungwe la mayiko ambiri loona za kuyeza mbewu, amayesa njere 400 m'magulu anayi a 100. Pa chimanga amawerenga koyamba tsiku lachinayi, komaliza tsiku lachisanu ndi chiwiri. Chimene amawerenga ndi mbande yathunthu, yokhala ndi muzu ndi mphukira zabwino. Njere imene yangotulutsa kamuzu n'kuima sawerengera. Kugawa m'magulu anayi kuli ndi ntchito: magulu atatu akamera 90 ndi kanthu, limodzi n'kumera 60, vuto ndi thaulo la gulu limenelo, mwina linauma kapena linanyowa kwambiri njere n'kuola, ndipo kuyesako kubwerezedwe.

Kunyumba chitani motere. Njere zichokere m'mapaketi angapo a loti imodzi, osati paketi imodzi yong'ambika, ndipo muzisakanize musanawerenge. Musasankhe zazikulu. Ikani pa thaulo kapena pepala lonyowa koma losadontha, pindani, ikani m'pulasitiki losamanga kwambiri, pamalo ofunda koma opanda dzuwa. M'mwezi wa Juni kapena Julayi kuzizira kwa Lusaka kumachedwetsa kumera, ndipo mungaipatse mbewu mlandu wa nyengo. Mchenga wa mumtsinje wotsukidwa bwino umagwiranso ntchito.

Peresenti ya pa lebulo ndi ya tsiku limene mbewu inayezedwa, ndipo tsikulo limalembedwa pomwepo pamodzi ndi nambala ya loti. Mbewu yogona chaka m'shopu yotentha, kapena yosungidwa pansi pa simenti pafupi ndi feteleza, imatsika mphamvu, ndipo kampani idzafunsa kaye za kasungidwe kanu. Njere 400 zikaonetsabe kutsika, sungani mapaketi angapo osatsegula a loti yomweyo pamodzi ndi lisiti, n'kupita nawo ku Seed Control and Certification Institute ku Mount Makulu kuno ku Chilanga, kumene ali ndi labu yoyezera mbewu. Mbewu zambiri za chimanga zimapakidwa mankhwala, choncho powerenga valani magolovesi, ndipo mbande zoyesedwazo zikwirireni, zisapite kwa nkhuku.